Dola Inagwadi, Koma Osati ku Chinamwali

Nyumba ya achemwali anga ili kumtunda kwa Chinamwali, kumene akabaza amakutsitsa kuti kotsalako uyende wapansi. Ili ndi zipinda zitatu. Ziwiri zili ndi denga. Chachitatu, chomwe chinayenera kukhala pabalaza, chilibe, ndipo amene anachititsa zimenezi ndine.

Ndinagwira ntchito ya nyuzipepala ku Blantyre zaka zambiri, makamaka pa tsamba la zachuma. Nkhani zikuluzikulu ankalemba ena. Langa linali bokosi la pakona: mtengo wa dola, paundi, yuro ndi randi, pogula ndi pogulitsa, ndipo m'munsi mwake ndime ziwiri zonena mmene misika yakunja yagonera. Ndimezo zinkabwera zitalembedwa kale kuchokera kunja. Ine ndinkazidula kuti zikwane, n'kuziikira mutu. Nambala ikalakwika, foni inkalira m'mawa. Sinkalira kawirikawiri. Nditapuma pantchito ndinabwerera kwathu ku Zomba ndi mbiri ya munthu wodziwa ndalama, ngakhale ndalamazo ndinalibe.

Achemwali amandiposa ndi zaka zinayi. Amagulitsa masitroberi, mabulosi ndi magalagadeya m'mbali mwa msewu wokwera kuphiri. Malemu amuna awo ankaperekeza alendo paphiripo, kuwaonetsa mathithi, damu ndi dzenje la Chingwe. Alendo ena ankawathokoza ndi madola. Alamu angawo sankawasintha. Ankawaika pakati pa masamba a buku lakale la nyimbo za kutchalitchi, ndipo ting'onoting'ono tikachuluka ankapempha mlendo wina kuti awapatse pepala limodzi lalikulu latsopano, chifukwa osintha ndalama amakana mapepala akale ndipo ang'onoang'ono amawagula motchipa. Munthu wa sitandade faifi ankadziwa zimenezo popanda womuphunzitsa. Ankati madolawo ndi denga. Anamwalira njerwa zisanaumbidwe n'komwe.

Achemwali anapitiriza okha. Anali pa lendi, chipinda chimodzi pafupi ndi msika. Poloti analipira ndi masitroberi. Njerwa anaumbitsa n'kuwotcha. Matabwa anagula kwa ocheka a paphiri. Makoma anamangidwa ndi dothi, osati simenti, poti simenti sakanaikwanitsa. Aliyense wa kuno amadziwa lamulo la khoma lotere: lifoleredwe mvula isanagwe, apo ayi likusungunuka. Kumayambiriro kwa November makoma anali atapitirira pa lintala. Kalipentala anayeza n'kunena kuti pakufunika malata 36. Madola a m'buku la nyimbo anali okwana malatawo ndi misomali yake, n'kutsalako ya kalipentala.

Kwathu kuno mwinimbumba ndi mlongo wamwamuna wa mkazi. Kaya ndi wamng'ono, kaya sanaikepo njerwa ngakhale imodzi, chinthu chachikulu sichichitika iye asanamve. Choncho Lamulungu lina, atatuluka m'tchalitchi, achemwali anafika kwanga bukulo atalikulunga m'chitenje.

"Achimwene," anatero, "dzulo ndinali kwa abambo a kuhadiweya aja. Akuti malata atha, abwera sabata yamawa kapena inayo. Akuti ndalamazi ndisazisinthe, ndizigwire chonchi mpaka tsiku logula. Ndiye ndati ndimve kwa inu."

"Akufuna akudyereni amenewo," ndinayankha. "Kodi akudziwa kuti dola ikugwa?"

"Ikugwa kuti?"

Ndinatulutsa foni. Chizolowezi cha kuntchito sichinandichoke: m'mawa uliwonse ndinkayang'ana muyeso wa mphamvu ya dola, umene a zachuma amautcha indekisi. Ndinawaonetsa kamzere kokhotakhota, kamene Lachisanu lapitalo kanatsetsereka ngati njinga ya nkhuni yotsika paphiri.

Muyesowu umagwira ntchito motere, ndipo ndinawafotokozera bwinobwino, chifukwa ndinkaudziwa. Amatenga ndalama zisanu ndi imodzi za mayiko olemera: yuro, yeni ya ku Japan, paundi, dola ya ku Canada, ndalama ya ku Sweden ndi ya ku Switzerland. Amaziika ngati m'dengu limodzi, koma osati mofanana. Yuro yokha imatenga malo oposa theka. Kenako amafunsa kuti dola ya ku America ikugula zochuluka bwanji za m'dengumo poyerekeza ndi m'chaka cha 1973, pamene muyesowu unayambira pa nambala ya 100. Nambala ikakwera, ndiye kuti dola ikugula zambiri. Ikatsika, ikugula zochepa. Sabata imeneyo inatsika chifukwa amalonda a kunjako anaganiza kuti banki yaikulu ya ku America yasiya kukweza chiwongoladzanja, ndipo ndalama zimathamangira kumene chiwongoladzanja chili chonona. Misika yonse ili ndi miyeso yotere. Mafuta a galimoto amayezedwa potengera mtundu umodzi wa mafuta osayenga. Masheya amayezedwa potengera kagulu ka makampani osankhidwa. Anthu sangayang'ane chilichonse nthawi imodzi, ndiye amasankha dengu n'kumayang'ana ilolo.

Achemwali anamvetsera mpaka ndinamaliza, manja ali pa bukulo.

"Kamzereka ndi ka ndani?"

"Ka dziko lonse lapansi."

"Ine chimene ndikudziwa n'choti chibadwire changa shuga sanatsikepo."

"Shuga ndi nkhani ina, achemwali. Mukachedwa, madolawa akhala akuonda m'bukumo. Mawa tikasinthe, makwacha akhale kubanki, malata akangobwera mukatapa."

Anakulunganso bukulo m'chitenje. "Chabwino. Koma tikadzere kuhadiweya kuja, akamve okha kwa inu."

Lolemba m'mawa tinapitadi. Mwini hadiweyayo ndi Msilamu wa ndevu zoyera, wovala kachisoti koyera, amene wagulitsa misomali ku Chinamwali kuyambira ndili mnyamata. Pamalo pamene pamakhala malata panali matabwa awiri ogonekerapo basi. Simenti munalibenso. Iye anali pampando, akulemba mitengo ndi pensulo pa chidutswa cha katoni.

"Ee, lero mwabwera ndi a nyuzi," anatero kwa achemwali. "Takulandirani, bwana. Mwatibweretsera nkhani yanji?"

Ndinamuonetsa foni, n'kubwereza zonse za dengu lija. Anavala magalasi, anayang'ana kamzere kaja mwaulemu, n'kundibwezera foni.

"Dengu lanulo, bwana, kwacha ilimo?"

"Mulibe."

"Nanga randi?"

"Mulibenso."

"Ndiye ndi dengu la eni ake. Ife tikulisuzumiriranji?"

"Dola ndi dola," ndinatero. "Ikafooka, yafooka paliponse."

Anaseka pang'ono. "Paphiri apo, padamu, madzi ali ndi muyeso wake. Mwina lero akuti damu ladzaza. Koma mayiwa afunseni ngati pampopi wa kwawo patuluka madzi m'mawa uno. Walahi, ine sukulu yanga ndi yochepa. Chimene ndikuona n'choti amene amandipatsa malata akuti kubanki kulibe madola oitanitsira katundu. Chinthu chikasowa sichitchipa. Mukuona ndikulemba ndi pensulo? N'kuti ndizifufuta."

Ndinamuuza kuti zimenezo ndi mphekesera. Mphekesera zoti kwacha ichepetsedwa mphamvu zinalipodi. Zinkamveka m'minibasi ndi pamizere ya mafuta. Koma ine ndinaphunzitsidwa kuti mphekesera salemba. Nkhani imafuna munthu waudindo woitsimikiza, kapena pepala lodindidwa. Shopu yopanda malata sinali pepala lodindidwa. Ndinaonjezeranso kuti kupereka madola pamanja kwa wamalonda n'kuphwanya lamulo, ndipo ine sindingalole mlongo wanga kuchita zimenezo.

"Sindinati andipatse ine," bamboyo anayankha. "Ndati agwire. Tsiku logula akasinthe kumene akufuna. Koma mbumba ndi yanu, bwana." Anatembenukira kwa achemwali. "Mayi, mwamva nokha. Ine ndanena zanga."

Achemwali anayang'ana iye, anayang'ana ine. Kenako anamanga chitenje n'kunena kuti, "Tiyeni, achimwene."

Kubanki, m'tauni, kunali anthu ambiri ofuna madola: mayi wina wa mwana wodwala wofunika kupita kunja, anyamata awiri a mapepala a sukulu, amalonda okhala pabenchi ngati odikira adokotala. Onsewo ankauzidwa kuti abwerenso. Ogulitsa tinali ife tokha. Atangomva chimene tadzera, anatitengera kutsogolo. Mtsikana wa pawindo anawaunika mapepala aja limodzilimodzi, anamwetulira, n'kutithokoza kawiri. Zaka zonse zimene ndapita kubanki sindinathandizidwepo mwachangu chotero. Ndinaganiza kuti ndi ulemu wa imvi zanga. Mtengo wa tsikulo unali kufupi ndi K1,180 pa dola imodzi. Risiti ndinaisunga ine. Ndikadali nayo.

Buku la nyimbo linabwerera ku Chinamwali lopyapyala.

Lachinayi la sabata yomweyo ndinali kometetsa, tsitsi litametedwa mbali imodzi, pamene wailesi inanena kuti kwacha yachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti. Dola imodzi tsopano inali K1,700. Wometayo anazimitsa makina n'kutukwana. Ine ndinachita masamu pamtima, poti masamu otere ndi amene ndinkadyera. Pa zinthu khumi zilizonse zimene makwacha aja akanagula Lolemba, tsopano akanagula zisanu ndi ziwiri. Madola aja akanakhala m'buku la nyimbo masiku atatu okha, akanakwera limodzi ndi mitengo.

M'tauni mashopu ambiri anatseka tsiku limenelo. Pazitseko analembapo kuti akuwerenga katundu. Ndinayenda kuchokera kumsika mpaka ku Chirunga n'kubwereranso, popanda chimene ndinkafuna kumeneko. Achemwali sindinawaimbire. Iwonso sanandiimbire.

Ndinawapeza Loweruka kuhadiweya. Malata anali atabwera, ataunjikana mpaka m'chiuno, onyezimira. Pa katoni paja mitengo yakale inali itafufutidwa. Yatsopanoyo sinakwere ndi 44 peresenti yokha, inapitirira.

Manyazi akakula amasanduka mkwiyo. Ndinafunsa bamboyo mokweza ngati malatawo anali atabweradi dzulo, kapena anali kuseri nthawi yonseyi.

"Abwera dzulo madzulo, bwana. Funsani amene anatsitsa." Sanakwiye. "Koma ngakhale akanakhala kuseri, ndikanagulitsa pamtengo womwewu. Ine mtengo sindiutenga pa zimene ndinagulira. Ndimautenga pa zimene ndikagulire mawa. Ndipo amene amandipatsa katunduyo madola ake sawapeza pa mtengo wa pawailesi. Amawapeza pa mtengo wa mumsewu. Muyeso wanga ndi umenewo. Pafoni panupo ulipo?"

Panalibe.

Achemwali sanalowerere. Anali atagwada pambali pa mulu wa malata, akupinda kona ya limodzi ndi chala kuti amve kulimba kwake. Ankafuna a geji 28. Anafunsa mtengo wa a geji 32, opyapyala aja amene amalira mphepo ikawomba. Anawerenga ndi zala, milomo ikuyenda. Makwacha onse a kubanki anakwana malata 23 a mtundu umenewo ndi misomali yake. Bamboyo anaonjezerapo limodzi lopindika pakona osalipiritsa.

"Sikomo," achemwali anatero kwa iye. Kwa ine anati, "Achimwene, tagwirani uko tikweze."

Ndinagwira. Lata limacheka m'manja ngati sunazolowere. Sanandiuze kuti ndigwire ndi nsanza, ndipo iwo anali nayo.

Kalipentala anafolera zipinda ziwiri zogona. Pabalaza anakhomapo matabwa okha, n'kuyalapo pepala lakuda la pulasitiki lopsinjidwa ndi njerwa. Achemwali anasamuka pa lendi sabata yomweyo, chifukwa mwini nyumba nayenso anali atamva wailesi. Ine ndinalonjeza kuti malata otsalawo ndigula ndi penshoni yanga Khirisimasi isanafike. Ndinalonjeza ndi mtima wonse. Ndinangoiwala kuti penshoni yanganso ndi ya makwacha.

Mphepo yotsika paphiri inang'amba pulasitikiyo kawiri. Mvula ya chaka chimenecho inali yochepa, alimi ankalira, koma yochepayo inakwanira. Dothi la pakati pa njerwa linayamba kutsika m'makoma ngati phala. Mizere iwiri ya pamwamba inagwa mu January. Matabwa anapindika, kalipentala anawatsitsa kuti asagwere munthu. Pofika nthawi yokolola, pabalaza sipankafunikanso malata okha. Pankafunika kumanganso khoma, ndipo mmisiri anati ulendo uno ndi simenti basi.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi ichi. Kamzere kaja kanapitirizadi kutsika mpaka kumapeto kwa chaka. Dola inafooka poyerekeza ndi yuro, yeni ndi zinzake zija, ndendende mmene ndinanenera. Ndikanakhala kuti ndikulangiza munthu wa ku Sweden, bwenzi akundithokoza. Muyesowo sunaname. Unayankha funso limene unapangidwira kuyankha, ndipo funsolo silinali la achemwali.

Ndakhala ndikudzifunsa kuti munthu wodziwa ndalama zonse zisanu ndi imodzi za m'dengu angaiwale bwanji kuti yake mulibe. Yankho ndinalipeza kuntchito kwanga kwakale. Ndime zochokera kunja zija nthawi zonse zinkanena kuti dola yafooka poyerekeza ndi ndalama zakutizakuti. Koma bokosi langa linali lopapatiza, ndipo mutu unkayenera kukwana m'mzere umodzi. Mchira uja ndinkaudula. Ndinkasiya mawu awiri okha: dola yafooka, dola yalimba. Ndinachita zimenezo madzulo aliwonse kwa zaka zambiri, ndipo palibe anaimbapo foni kudandaula, chifukwa nambala zonse zinali zolondola. Pamwamba pa ndimezo, m'bokosi lomwelo, mtengo wa dola pa kwacha unkangokwera chaka ndi chaka. Zinthu ziwirizo ndinkaziika pamodzi ndi manja anga, osazifunsa kuti zikugwirizana pati. Akuluakulu amati ndadziwakale adamanga nyumba yopanda khomo. Ine khomo ndinalisiya. Ndinachotsa denga.

Malata ndinagulako. Limodzi mu February, lina patapita miyezi itatu, lachitatu chaka chitatha. Ulendo uliwonse pa katoni paja pankakhala patafufutidwanso. Achemwali ankalandira ndi manja awiri, n'kuthokoza mmene munthu amathokozera mlendo. Limodzi anatchingira khola la nkhuku. Awiri ali kuseri kwa bedi, akudikira anzawo.

Sanandinenepo. Ndikanakonda akanatero. Ndikanakonda akanalalata pamsewu, anthu n'kutuluka m'nyumba kudzaonerera, nkhani n'kutha. Tsiku lina ndinayamba ndekha kupepesa. Anandidula.

"Munalakwa chiyani? Ndinakufunsani, munandiyankha. Amene anali ndi bukulo m'manja ndi ine."

"Koma abambo aja anakuuzani zoona."

"Anandiuza. Koma ndikanamvera iwo n'kusiya inu, anthu akanati chiyani? Kuti mlongo wake alipo, wophunzira, koma iye akukafunsa kuhadiweya?" Anapitiriza kusankha masitroberi, ofewa mbali ina, olimba mbali ina. "Alamu anu aja sankadziwa kuwerenga kamzere. Ankangodziwa kutseka buku."

Chaka chatha ndinadutsa kuhadiweya kukagula loko. Bamboyo, akundibwezera chenji, anati, "Mayi aja anabwera juzi, dzana lomweli. Azungu ena awapatsa kapepala paphiri. Amafunsa ngati n'katsopano kapena kakale."

"Munawauza chiyani?"

"Kuti n'katsopano. Atseke buku."

Lamulungu lotsatira achemwali anandiitanitsa. Mwambo sanauphwanye, mwinimbumba amayenera kumva. Anandiuza kuti apeza kandalama kakunja ndipo akasunga, kuti ayamba kugula simenti thumba limodzilimodzi n'kumaisiya kuhadiweya konko, ndi kuti mmisiri adzayamba khoma ikakwana. Sanafunse kalikonse. Anangonena mmene amawerengera zolengeza kutchalitchi. Ine ndinati zili bwino.

Ndikapita kwawo, mpando amandiikira pabalaza pomwepo. Pansi amasesa bwino. Pakona ina panamera dzungu, ndipo analisiya kuti liyange pakhoma logumukalo. Mdzukulu wawo amapatcha pabalaza pa agogo aamuna, kutanthauza ine, ndipo sindikudziwa amene anamuphunzitsa.

"Khalani pomwepa, achimwene," amatero. "M'nyumbamo malata aja akutentha."

Ndimakhala. Ukakweza maso umaona phiri lonse, mitengo ya paini ndi mitambo ikusonkhana pamwamba pake. Mu November ndimaiyang'ana kwambiri mitamboyo. Foni imakhala m'thumba. Tsiku lina, akundipatsa tiyi, anaiona ikusuzumira.

"Nanga lero dola yagona bwanji?"

Ndinati sindinayang'ane.

"Yang'anani," anatero, akuchotsa zovala pachingwe chimene anamanga kuchokera khoma lina kufika lina. "Mwina yagwanso. Koma musunthire mpandowo kukhomo, kukubwera mvula."